Atatu Omaliza Kukwera

Kwathu manda ali kutsidya kwa mtsinje. Amene anayambitsa zimenezi sindimudziwa, koma ndikanakumana naye ndikanamufunsa ngati dothi linasowa tsidya lino. Munthu akamwalira timamuwolotsa pa bwato, ndipo mwambo wake ndi wakuti maliro salipira. Mwini bwato amapalasa ulere, kaya ndi maulendo awiri kaya asanu, mpaka operekeza onse atawoloka.

Mwini bwato wa pa dooko lathu anali Bisenti, munthu wamfupi, wotambalala mapewa, woseka ndi aliyense. Tsiku limene tinkakaika amalume a mwamuna wanga iye anali ndi changu, chifukwa pamtunda panali ogula mpunga atakhalira matumba awo, anthu olipira, osati ife olira. Analowetsa bokosi, kenako anthu asanu ndi atatu. Ine ndinaima chapatali ndi ndowa kumutu, poti ndinali m'gulu la amayi otsala kuphikira anthu. Ndinamuona ndi maso angawa akuyang'ana m'mbali mwa bwato, pamene madzi anali atafika, kenako n'kukweza mutu.

"Malo alipo!" anaitana. "A Kachigamba, mwambo akatsogolera ndani inu muli kuno? A Lufeyo, bwerani. Iwe Filesi, nkhata za maluwazo zipite ndi bokosi."

A Kachigamba anali mkulu wa mpingo. Lufeyo anali mwamuna wanga. Filesi anali mwana wanga, mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi ziwiri. Anakwera atatuwo motsatizana monga anawaitanira.

Kunalibe mphepo. Atafika pakati, pamene madzi amakhota, wina anangosuntha mwendo, madzi n'kulowera pamlomo pa bwato mwakachetechete ngati m'mbale yoviikidwa m'beseni. Bokosi linayandama n'kukakodwa m'bango. Anthu asanu sanatuluke amoyo: atatu omaliza aja ndi amayi awiri.

Pa msonkhano wa nkhaniyi Bisenti analira kuposa anamfedwa tonse. Anati bwato lake linali bwino, katunduyo sanali wodetsa nkhawa, koma malemu sanafune kupita okha. Anthu anagwedeza mitu, poti mawu otere kwathu amavomerezeka msanga, ndipo bwato linali limodzi lomwelo pamudzi ponse. Analivuula, analimata phula, sabata isanathe linali likuwolotsa mpunga.

Ndinamuda munthu ameneyu, ndipo sindikubisa. Koma imfa yake sindinkaifuna, imfa pa mtsinje uja ndi yotchipa. Ndinkafuna kuti anene ndi pakamwa pake, anthu akumva, kuti ankadziwa. Vuto linali lakuti ine sindinkadziwa kanthu za kulemera. Ndikati bwato linadzaza, amuna ankandifunsa kuti ndinayamba liti kupalasa. Choncho m'mawa wina ndinatseka chitseko ndi mtengo, n'kuyamba kuyenda.

Masiku sindinawawerenge. Ndinkadutsa midzi yofanana, ya mbuzi zofanana, ndipo paliponse msewu unkathera pa madzi. Pa dooko loyamba wopalasa anandifunsa kuti, "Muli ndi katundu, mayi?" Nkhope yake inali ya Bisenti mpaka ataphethira. Ndinati ndilibe, n'kutsata gombe masiku awiri kufuna mlatho.

Ndinafika m'tauni ya fumbi, ya msika umodzi ndi mabala asanu ndi awiri. Kumeneko ndinagwira ntchito kwa a Nankhoma, mayi wogula nandolo, amene anali ndi sikelo yopachika pa mtengo wa mango. Anali ndi lilime loyabwa koma sankaba pa sikelo.

"Usamathamangire kuyang'ana singano," ankatero. "Yamba wanyamula, unene chimene msana wako wamva, kenako pachika. Sikelo ingokuuza ngati uli chitsiru."

Ndinali chitsiru nyengo yonse yoyamba. Yachiwiri ndinkaphonya ndi kilo imodzi. Yachitatu ndinkangoyang'ana thumba likutsika pa njinga n'kunena, singano n'kuvomereza. Masana kukatentha, amuna onyamula katundu ankadzipachika okha pa mbedza ya sikelo kuti aseke, ine n'kumalosera. Iwo ankati ndi masewera. Ine ndinkasaka anthu khumi ndi mmodzi amene anakwera bwato lija. Ndikaona wa msinkhu ndi thupi la mmodzi wa iwo, ndinkamunyengerera mpaka akwere pa sikelo, nambala yake n'kuisunga m'mutu. Wofanana ndi Lufeyo anali wogulitsa makala, wamwano, ndipo ndinachita kumugulira thobwa.

Nditawapeza onse ndinayesa kukumbukira mmene Lufeyo ankandiitanira akachoka kudimba, mawu ake osabwera. Kulemera kwake ndinali nako, mawu atapita. Ndinatsanzika a Nankhoma, iwo n'kundiuza kuti ndine wosayamika, kenako n'kundipatsa chitenje chatsopano.

Pa dooko lotsatira wopalasa anafunsa chimodzimodzi. Ndinati katundu ndili naye pang'ono, koma sindikwera. Anandiyang'ana m'manja mopanda kanthu n'kuseka, ine n'kupita kukafuna mlatho.

Tauni ina inali ya msewu umodzi wautali, mbali zonse kuli okhoma mabokosi a maliro. Ndinakhala kwa a Jailosi, mmisiri wachete amene mkazi wake anamwalira kalekale. Ntchito yanga inali kupala matabwa ndi kuyala nsalu yoyera mkati. Ndinawafunsa kuti bokosi la munthu wamkulu limalemera bwanji.

"Zimatengera thabwa, mayi," anayankha. "Louma ndi lina, laliwisi ndi lina. Kumudzi amakhoma mothamanga ndi matabwa ongocheka kumene, madzi akadali momwemo. Wodwala amapepuka, koma bokosi lake silidwala."

Bokosi la amalume lija linali la matabwa aawisi, ndinkakumbukira fungo lake. Ndinapempha a Jailosi kuti andikhomere lotero, lalitali chomwecho, ndipo tinaliyeza pa sikelo ya wogulitsa misomali. Sanandifunse chifukwa. Patapita mvula ziwiri anandifunsa china. Anati nyumba yawo ili ndi zipinda ziwiri, ndipo munthu sangamangoyenda mpaka kalekale. Akanakhala mwamuna wabwino, ndipo ndinalira pokana. Koma ndikanakhala, Bisenti akanakalamba mwamtendere akuseka ndi anthu pa dooko, ndipo zimenezo zinkandinyansa kuposa umbeta. Ndinachoka kutacha.

Njira inalowa m'nkhalango, kumene amuna ankasema mabwato pafupi ndi mtsinje wina wamadzi ofiira. Ndinkawaphikira n'kumatola zipalapala za mitengo zokolezera moto. Wamkulu wawo, a Sandalamu, anali wogontha khutu limodzi, ndiye ankayankhula mokuwa ngati aliyense ali kutsidya. Bwato likatha ankalikokera m'madzi, n'kumalowetsa miyala mmodzimmodzi, iwo atagwada m'mbali ndi dzanja pa mlomo wa bwato.

"Ukuona apa?" anandikuwira. "Kuchokera pamadzi kufika pamlomo pazitsala chikhatho chathunthu, zala zinayi ndi chachikulu. Madzi akadya zala ziwiri, bwato layamba kuganiza. Akadya zitatu, wakwera manda."

Anandiphunzitsanso kuti bwato likamakalamba limamwa madzi n'kulemera lokha, ndipo kuti katundu wokhala pansi si chimodzimodzi ndi katundu woimirira. Tsiku lina ndinawafunsa ku khutu labwinolo ngati wopalasa angadzaze bwato mopitirira osadziwa.

"Osadziwa?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Phazi lokha limamuuza akangoponda. Amene akuti sankadziwa, mwina anayamba dzulo, mwina ndi wabodza."

Ndinagona mokoma masiku amenewo. Koma awa anali mawu a Sandalamu, osati a Bisenti, ndipo ine mwiniwakene ndinali ndisanapondepo m'bwato chichokere kwathu. Tsitsi langa linali litayamba kuyera, mano awiri atatsala m'nkhalangomo. Ndinapitiriza ulendo.

Malo omaliza anali damu lalikulu pakati pa mapiri, kumene anthu a m'tauni ankabwera Loweruka kudzasewera pamadzi. Zoona, alipo anthu amene amalipira kuti apalase osapita kulikonse. Panali timabwato tapulasitiki, topyapyala, tachikasu ndi tofiira, ta munthu mmodzi kapena awiri. Ankatitcha kayaki. Mwini wake anali a Rabeka, mayi wamtali wovala kabudula, amene anandilemba ntchito yochapa majekete oyandamitsa anthu pamadzi.

Kayaki iliyonse inali ndi nambala yolembedwa chakumbuyo. Ndinaima nthawi yaitali ndikuiyang'ana. Zaka zonsezi ndikuvutika, kuno anangolemba poyera.

"Musakhulupirire kwambiri nambalayo, amayi," anatero a Rabeka. "Ikati makilo 120, ndiye pamene kayaki imatsala pang'ono kuleka kukhala bwato. Igaweni panayi, gawo limodzi musiyire madzi. Ndipo muziwerenga zonse: munthu, nkhafi, chikwama, mabotolo, ngakhale zovala zikanyowa. Cholemera chikhale pansi ndi pakati, osati kumchira."

Sikelo yawo inali yopondapo, koma posakhalitsa anaona kuti maso anga amafika sikelo isanafike. Anandiika pa dooko. Loweruka lina kunabwera bwana wina wa mimba yake, ndi mkazi, ndi bokosi la zakumwa, akufuna kayaki imodzi ya anthu awiri. Ndinawayang'ana n'kuti, "Ayi bwana, bokosilo litsale, kapena amayi atenge kayaki yawo." Anakalipa, anati kodi ndikumudziwa, anati ayankhula ndi mwini malo. A Rabeka anabwera n'kunena zomwezo. Bokosi linatsala, anthu anapita, anabwerako ali ouma.

Madzulo ake ukali unandigwira. "Ayi, dikirani." Mawu awiri okha, osapweteka pakhosi, ndipo ine mayi wosaphunzira ndinanena ofanana nawo kwa bwana wa galimoto. Bisenti akanawanena kwa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, mwanayo sakanatsutsa n'komwe.

A Rabeka ataona kuti ndimaopa madzi, anandikakamiza tsiku lina kukwera kayaki pamalo osaya, iwo ataima m'madzi ofika m'chiuno. Poyamba inkamvera, ndikatembenuka nayonso inkatembenuka. Anayamba kuikamo zigubu za madzi chimodzichimodzi. Pa chachitatu inayamba kuchedwa kuyankha. Pa chachinayi ndikapendekeka pang'ono inkapita n'kuiwala kubwerera, ndipo ndinazimva m'chiuno, m'mimba, m'mano momwe, ndisanayang'ane m'mbali. Ndinawauza kuti anditsitse. Ine wa tsiku limodzi ndinamva, nanji munthu amene anabadwira pa nkhafi. Mwezi womwewo ndinanyamuka kubwerera kwathu.

Sindinafikire pamudzi. Ndinakhala pamudzi woyandikana nawo, kumene palibe amene ankandidziwa, ndikudikira mwezi womwe uja wa ngozi, mpaka madzi anafika pa muzu wa mkuyu wa pa dooko pamene anafika tsiku lija. Zonse zimene ndinasunga m'zaka za kuyenda ndinagula chimanga. Ndinabwereka sikelo, n'kusoka matumba ndekha, lililonse kulemera kwa munthu mmodzi, ndi awiri omangidwa pamodzi m'malo mwa bokosi. Bwato linali lomwe lija, la zigamba za malata, ndiye ndinachotseratu ndowa ziwiri za chimanga chifukwa cha ukalamba wake. Sindinkafuna kuti munthuyo adzapeze pothawira.

Ndinasankha tsiku la msika, dooko litadzaza anthu. Ngolo inatsitsa matumba. Bisenti anali atakalamba, mapewa atagwa, koma kuseka kunali komwe kuja. Sanandizindikire.

"Muli ndi katundu, mayi?"

"Ndili naye, bambo. Yenseyu, ulendo umodzi."

"Matumba anuwa bwanji osafanana? Anasoka ndi wakhungu?"

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinapempha amuna awiri kuti akweze, ine ndikuloza loyamba ndi lotsatira, ndi pamene lililonse likhale. Awiri omangidwa aja analowa pakati. Kenako asanu ndi atatu. Bisenti ankacheza ndi mayi wogulitsa nzimbe, diso limodzi lili pa bwato. Ndinaloza atatu otsala, lalikulu, lapakati ndi laling'ono, ndipo analowa.

Bisenti anaponda m'bwato ndi phazi limodzi, n'kulichotsa nthawi yomweyo.

"Aaa, iyayi mayi, apa ayi. Tsitsani atatu omalizawo, ndidzawatenga ulendo wachiwiri."

"Malo alipo, bambo. Taonani, pali pokhala."

"Malo si nkhani," anatero mokweza, monyadira kuti anthu amve ukatswiri wake. "Bwato ili ndalipalasa zaka makumi atatu, ndimalidziwa ngati mkazi wanga. Ndi katundu uyu sitingadutse pokhota paja. Ndi mwana yemwe angaone. Mukufuna ndife chifukwa cha chimanga?"

"Atatu enieni? Osati awiri?"

"Atatu. Ndanena."

Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kugwira matumba awiri omangidwa aja.

"Awa ndi amalume a Lufeyo m'bokosi lawo la matabwa aawisi," ndinatero. Ndinagwira lotsatira n'kutchula dzina, lotsatira dzina, onse asanu ndi atatu, monga anakhalira tsiku lija. Pa dooko phokoso linayamba kuzima. Wina kumbuyo anati, "Kodi si make Filesi ameneyu?" Ndinafika pa atatu omaliza. "Ili ndi a Kachigamba. Ili ndi Lufeyo. Ili ndi Filesi ndi maluwa ake. Ndinawayeza onse, sindinaonjezepo ngakhale chitsononkho. Madzi ndi omwewo, bwato ndi lomwelo. Paja munati katunduyu sanali wodetsa nkhawa. Kwerani, bambo Bisenti, tikuonereni."

Anayang'ana bwato, anayang'ana anthu. Mkazi wamasiye wa a Kachigamba anali atatula dengu lake la tomato n'kufika kutsogolo. Analinso pomwepo mwana wa mmodzi wa amayi awiri omira aja, tsopano bambo wandevu. Bisenti anatenga nkhafi. Ndinaganiza kuti akweradi, ndipo ndinene zoona, sindikanamuletsa. Anaikamo phazi kachiwiri, bwato linapendekeka pang'onopang'ono, madzi n'kunyambita pamlomo. Anaima choncho, phazi lina m'bwato lina m'matope.

"Kwerani," anatero mayi Kachigamba, motsitsa mawu.

Anachotsa phazi. Anakhala pansi m'matope momwemo, nkhafi ili pamiyendo.

"Ndinaona," anatero.

"Kwezani mawu," ndinamuuza. "Pa msonkhano paja munkalira mokweza."

"Ndinaona! Panatsala zala ziwiri. Ndinati tidutsa, kunalibe mphepo. Ndinkafuna kuchepetsa ulendo umodzi basi. Ndinkadziwa, make Filesi, ndinkadziwa."

Palibe amene anamumenya. Bambo wandevu uja anangowerama n'kumulanda nkhafi, ngati mmene umalandira mpeni kwa munthu woledzera, n'kupita nayo kumtunda. Amene ankadikira kuwoloka anayamba kunyamula katundu wawo n'kulowera njira ya ku mlatho, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinakondwa. Ndinakondwa ndithu, ndipo sindidzalapa chifukwa cha chimwemwe chimenecho.

Amuna awiri aja, posadziwa chochita, anatsitsa matumba atatu omaliza monga mwini bwato ananenera, n'kuwaika pamchenga. Bwato linadzuka, m'mbali mukuoneka chikhatho chathunthu. Mayi Kachigamba anakhala pansi pafupi ndi thumba lalikulu n'kuikapo dzanja.

Ine ndinapita pa laling'onolo. Ndinalisoka ndekha, nambala yake ndinkaidziwa, koma chilisokere ndinali ndisanalinyamule, ndinkangouza ena. Ndinagwada, ndinalikokera kumsana, n'kulimanga ndi chitenje pachifuwa. Ndinaimirira popanda wondithandiza. Linali lopepuka. Mayi wokalamba, wopanda mano awiri, ndinaimirira nalo kamodzi n'kamodzi, ndipo tsiku lija ndinali ndi mphamvu kuposa apa, ndili mapazi makumi awiri okha kuchokera pa bwato.

"Mayi, nanga chimanga chinachi?" anafunsa mwini ngolo.

"Gawanani," ndinayankha.

Ndinakwera mtunda ndi mwana wanga kumsana, kutali ndi madzi.